Chotupa Choyenda ndi Mpweya

Munthu aliyense wamoyo amapuma, kaya ali m'tulo kaya ali m'maso. Wamkulu amene wangokhala phee amakoka ndi kutulutsa mpweya ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo likamatha tsiku amakhala atapuma pafupifupi ka 20,000 osaganizako n'komwe. Mlimi wokumba mbatatesi ku Tsangano, mai wogulitsa kabichi pa msika wa Lizulu ndi mnyamata wovina ngoma ku Nkolimbo, onse amadalira ntchito yachete imeneyi. Komatu alipo malo amodzi pamene kupuma, kumene kuli moyo weniweniwo, kumasanduka vuto lozunguza mitu ya akatswiri. Malowo ndi chipinda cha m'chipatala chootcheramo khansa ndi cheza.

Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene akatswiri amagwiritsira ntchito kompyuta pofuna kudziŵa mayendedwe a ziŵalo za m'kati mwa thupi pamene munthu akupuma, kuti cheza chifike pa chotupa popanda kuononga mnofu wabwino woyandikana nacho. Ikufotokozanso gawo limene wodwala mwini wake ali nalo pa ntchitoyi, pakuti masamu onse a kompyuta amatsamira pa mpweya wa munthu amene wagona pa bedi la makinawo.

NKHANI YAFIKA PAKHOMO

Kwa zaka zambiri, kufikira m'chaka cha 2024, m'dziko lino la Malaŵi munalibe makina ootchera khansa. Wodwala wofunika chithandizo chotere ankalembedwa pa mndandanda wa anthu oyembekezera kutumizidwa ku maiko monga India, Tanzania, Zambia ndi Kenya, ndipo ambiri ankatsikira kuli chete dzina lawo lisanaitanidwe. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2024 pamene mu mzinda wa Blantyre munatsegulidwa chipatala cha khansa chosakhala cha boma. Kenaka mwezi wa July 2025, Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, anatsegula chipatala cha boma cha National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Bungwe la International Atomic Energy Agency, limene likulu lake lili ku Vienna, linathandiza pa ntchitoyi kudzera mu ndondomeko yake ya Rays of Hope, imene inayamba m'chaka cha 2022 ndipo Malaŵi linali limodzi la maiko oyamba kuloŵamo.

Boma la Ntcheu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 650,000, lili pa mseu wa M1 pakati pa mizinda iŵiriyi. Kuchokera pa boma la Ntcheu kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 160, ulendo wa maola oŵerengeka pa basi. Chithandizo chimene kale chinkafuna chiphaso ndi ndege tsopano chili patali ngati ulendo wokagulitsa tomato. N'chifukwa chake anthu a ku Ntcheu ayenera kudziŵa zimene zimachitika m'chipinda chija, pakuti wogonamo maŵa akhoza kukhala kholo lawo kapena mbale wawo.

Omvera ayerekeze mlimi wina wachikulire wa ku Tsangano. Wayamba kutsamwa akamameza nsima, ndipo patapita miyezi iŵiri akungotha phala lokha. Ku chipatala chaching'ono cha kwawo amutumiza ku chipatala cha boma cha Ntcheu, ndipo kumeneko amutumizanso ku Lilongwe, kumene apeza kuti ali ndi khansa ya kum'mero, m'munsi mwa njira ya chakudya pafupi ndi chifu. Matendaŵa si achilendo, popeza Malaŵi ndi limodzi la maiko amene khansa ya kum'mero imapezeka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Madokotala agwirizana kuti chotupacho chiotchedwe ndi cheza.

MOTO WOSAONEKA

Mau akuti kuotcha amaopsa anthu ena, koma m'chipindamo mulibe moto kapena utsi. Cheza chake ndi cha mtundu wa X-ray, chija chimene Wilhelm Röntgen anachitulukira ku Germany m'chaka cha 1895, koma champhamvu kwambiri kuposa chojambulira fupa lothyoka. Sichioneka ndi maso, sichimveka kutentha, ndipo wodwala samva kuŵaŵa pamene chikuloŵa m'thupi. Ntchito yake ndi kuononga tizigawo ta m'kati mwa maselo timene timachititsa kuti maselowo azibereka anzawo. Maselo a khansa salimba pokonza zoonongekazo, pamene maselo abwino amachira msanga akapatsidwa mpata. Chotero cheza chimaperekedwa pang'onopang'ono, kaŵirikaŵiri masiku 5 pa sabata kwa masabata angapo, kuti mnofu wabwino uzichira pakati pa tsiku ndi tsiku.

Ngakhale zili choncho, cheza sichisiyanitsa mdani ndi mbale. Chilichonse chokhala pa njira yake chimalandira gawo lake. Chotupa cha mlimi uja chazunguliridwa ndi ziŵalo zofunika: mtima uli kutsogolo kwake, mapapo ali mbali zonse ziŵiri, ndipo mtsempha waukulu wa mu msana uli kumbuyo. Cheza chikachuluka m'mapapo chimayambitsa kutupa, chifuŵa ndi befu. Chikachuluka pa mtima chimabweretsa matenda amene amadzaonekera patapita zaka. Mlimi aliyense wa ku Ntcheu amadziŵa kuti wotentha tchire m'mphepete mwa munda amayamba walambula malire, apo ayi moto umaloŵa m'chimanga cha mnansi. Nawonso akatswiri a cheza amayamba alemba malire. Kusiyana kwake n'kwakuti munda sukhala ukusuntha, pamene chotupa cha m'chifuŵa chimakwera ndi kutsika usana ndi usiku.

MVUKUTO YA M'THUPI

Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wotambalala wolekanitsa chifuŵa ndi mimba, umene madokotala amautcha diaphragm. Mnofu umenewu umagwira ntchito ngati mvukuto ya wosula makasu. Ukatsika, chifuŵa chimakula ndipo mpweya umaloŵa; ukabwerera m'mwamba, mpweya umatuluka. Munthu akamapuma modekha mnofuwu umasuntha sentimita imodzi kapena masentimita aŵiri, koma akakoka mpweya ndi mphamvu umasuntha masentimita angapo.

Mnofu wopumirawu sumayenda wokha. Potsika umakankha chiŵindi, chifu, kapamba ndi impso, ndipo umakoka m'munsi mwa mapapo ndi m'munsi mwa njira ya chakudya. Chotupa chimene chili pamwamba pa phapo, pafupi ndi phewa, chimasuntha mamilimita oŵerengeka chabe, koma chimene chili m'munsi mwa phapo kapena m'chiŵindi chikhoza kusuntha masentimita aŵiri kapena kuposerapo. Chotupa cha mlimi wa ku Tsangano chikhoza kusuntha pafupifupi sentimita imodzi pa kupuma kulikonse, ndiye kuti pa masekondi 4 alionse.

Kale njira yothetsera vutoli inali imodzi yokha: kukulitsa malire mbali zonse kuti chotupa chisatuluke m'cheza kulikonse kumene chapita. Njirayi imaoneka yanzeru, koma masamu ake ndi oopsa. Chotupa chozungulira cha masentimita 3 m'mimba mwake n'chofanana ndi tomato wamng'ono. Kuonjezera sentimita imodzi mbali zonse kumachisandutsa cha masentimita 5, ndipo mnofu wootchedwa umachuluka kuposa kanayi poyerekeza ndi chotupa chenichenicho. Koma malirewo akachepetsedwa kufika pa theka la sentimita, mnofu wootchedwa umatsika pafupifupi ndi theka. Kotero mamilimita 5 okha, ochepa kuposa njere ya chimanga, ndi amene nthaŵi zina amalekanitsa wodwala wochira bwino ndi wodwala wotsala ndi befu moyo wake wonse. Komanso malire akachepa mopyola muyeso, mbali ina ya chotupa imathaŵa cheza ndipo khansa imaphukanso. Bungwe la akatswiri a fizikisi ya zachipatala ku America, mu lipoti lake la 2006, linalangiza kuti chotupa chikamasuntha kuposa mamilimita 5 pakhale njira yapadera yosamalira kusunthako.

CHITHUNZI CHOKHALA NDI NTHAŴI

Kuti munthu achepetse malire mosaopa, ayenera kudziŵa bwino njira imene chotupa chimayenda. Chiyambi cha luso limeneli chili ndi mizu mu Africa muno. M'chaka cha 1956, Allan Cormack, katswiri wa fizikisi wobadwira ku Johannesburg, anagwira ntchito kwa kanthaŵi pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Kumeneko anaona kuti madokotala ootcha khansa ankaŵerengera cheza ngati kuti thupi lonse ndi lofanana m'kati, pamene fupa, phapo ndi mnofu zimatchinga cheza mosiyana. Anayamba kufufuza masamu opezera za m'kati mwa thupi poyeza cheza chodutsa kuchokera mbali zambiri, ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 1963 ndi 1964. Ku England, Godfrey Hounsfield anapanga payekha makina ogwira ntchito yotereyi, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa ku London m'chaka cha 1971. Aŵiriŵa analandira mphoto ya Nobel mu 1979, ndipo makina awo ndi amene lero amatchedwa CT.

Makina a CT amajambula thupi m'magawo opyapyala, monga m'mene mai amadulira mkate, ndipo kompyuta imasanjikiza magawowo n'kupanga chithunzi cha thupi lathunthu chokhala ndi msinkhu, mulitali ndi mulifupi. Koma chithunzi chotere chimagwira kamphindi kamodzi kokha. Chotupa chikhoza kujambulidwa chili pamwamba, pansi kapena pakati pa ulendo wake, ndipo nthaŵi zina chimaoneka chopindika kapena chodukaduka chifukwa chinasuntha makina ali pakati pa kujambula.

Cha m'ma 2003 akatswiri anapeza njira yoonjezera muyeso wachinayi, umene ndi nthaŵi, ndipo njirayi imatchedwa 4D-CT. M'zipatala zimene zili ndi luso limeneli, wodwala amagona chagada ndipo pamimba pake amaikapo kabokosi kakang'ono koyang'aniridwa ndi kamera, kapena amamumanga lamba womva kufufuma kwa mimba. Kompyuta imalemba mzere wokwera ndi kutsika wosonyeza kupuma kwake, uku makina akujambula gawo lililonse la thupi mobwerezabwereza. Pambuyo pake kompyuta imasankhula zithunzi zonsezo monga m'mene alimi amasankhulira fodya, n'kuziika m'magulu, kaŵirikaŵiri magulu 10. Gulu loyamba ndi la pamene chifuŵa chadzaza mpweya, la pakati ndi la pamene mpweya watuluka, ndipo otsalawo ndi a pakati pa ziŵirizi. Magulu 10 aja akaonetsedwa motsatizana, dokotala amaona chotupa chikukwera ndi kutsika ngati pa kanema.

CHIFANIZO CHA M'KOMPYUTA

Kuona kokha sikukwanira, pamafunika kuŵerengera. Apa ndi pamene kompyuta imamanga chifanizo cha wodwala, thupi la manambala lopuma monga mwini wake. Pali njira ziŵiri zazikulu zomangira chifanizochi.

Njira yoyamba ndi yolondola mapazi. Kompyuta imatenga kadontho kalikonse ka chithunzi cha gulu loyamba n'kufufuza kumene kapita m'gulu lachiŵiri, lachitatu, mpaka lomaliza. Imatsata zizindikiro zooneka monga mphanda za mitsempha ya magazi ndi za njira za mpweya, ngati m'busa wotsata ng'ombe yosokera poyang'ana ziboda zake. Timadontho totere tilipo mamiliyoni, ntchito imene munthu sangaimalize ndi pensulo ngakhale atapatsidwa moyo wake wonse. Pomaliza pamatuluka mapu osonyeza kumene kachigawo kalikonse ka thupi kamapita, ndi mtunda umene kamayenda.

Njira yachiŵiri ndi yotsata malamulo a chilengedwe. Kompyuta imagaŵa chiŵalo m'tizidutswa zikwizikwi tolumikizana, ndipo kachidutswa kalikonse kamapatsidwa kulimba kwake. Phapo ndi lofeŵa ndi lofinyika ngati chinkhupule, chiŵindi n'cholimbirapo ndipo chimasuntha pafupifupi chathunthu, pamene nthiti ndi msana n'zouma. Kenaka kompyuta imakankha mnofu wopumira wa chifanizocho n'kuŵerengera m'mene tizidutswa tonse tikukankhirana. Njirayi imathandiza makamaka pa malo amene chithunzi sichionetsa zizindikiro zambiri zoti n'kutsata.

Zifanizo zoterezi, pamodzi ndi miyeso yochitidwa pa odwala, zaphunzitsa akatswiri zinthu zimene sizinkadziŵika bwino. Choyamba, mapapo sanamatirire ku nthiti. Amatsetsereka m'kati mwa chifuŵa, kotero kuti phapo likhoza kutsika pamene nthiti yoyandikana nalo ikukwera. Chachiŵiri, chotupa nthaŵi zambiri sichibwerera njira imene chinadzera. Chili ngati munthu wopita ku msika wa Kampepuza podzera kudambo n'kubwerako podzera kumtunda. Chachitatu, chotupa chimakhalitsa pa malo amene chimafika mpweya ukatuluka, pakuti munthu amaima pang'ono asanakokenso wina, ndipo malo ameneŵa ndi amene sasinthasintha kwambiri.

Chifanizo chikatha, akatswiri amachiombera cheza chongoyerekeza m'kompyuta momwemo. Amasintha mbali yochokera cheza, kukula kwake ndi mphamvu yake, ndipo kompyuta imaŵerengera kuchuluka kwa cheza chofika pa chotupa, pa mtima, m'mapapo ndi pa msana pa kupuma konse. Cholakwa chilichonse chimagwera thupi la manambala, wodwala weniweni asanakhudzidwe. Pomaliza katswiri wa fizikisi amayesa pulaniyo pa makina enieni pogwiritsa ntchito chidole chokhala ndi zoyezera cheza m'kati mwake.

NJIRA ZINAYI

Mnyamata wa legeni amene waona njiŵa itatera pa nsungwi yogwedezeka ndi mphepo amadziŵa vuto lolasa chinthu chosakhazikika. Akatswiri a cheza ali ndi njira zinayi zothana nalo.

Yoyamba ndi kuphimba njira yonse ya chotupa. Popeza chifanizo chasonyeza kuti chotupa chimakwera ndi kutsika kwambiri koma sichipita kumanzere kapena kumanja kwenikweni, malire amatalikitsidwa kumene chimapitako ndi kufupikitsidwa kumene sichipitako. Njirayi sifuna zipangizo zambiri pa nthaŵi yootcha, ndipo ndi imene imagwiritsidwa ntchito koposa zonse.

Yachiŵiri ndi kuchepetsa kusunthako. Pa khansa ya m'chiŵindi kapena m'munsi mwa phapo, nthaŵi zina pamimba pa wodwala amapanikizapo ndi chipangizo chophwatalala kapena lamba kuti apume mosazama, njira imene madokotala a pa Karolinska ku Sweden anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1990. Nthaŵi zina wodwala amapemphedwa kukoka mpweya wambiri n'kuugwira kwa masekondi 20 kapena kuposerapo. Izi zimathandiza kwambiri amai ootchedwa bere la kumanzere, chifukwa phapo likadzaza mpweya limakankhira mtima kutali ndi cheza.

Yachitatu ndi kudikira. Makina amayatsa cheza pokhapokha chotupa chikafika pa malo osankhidwa, kaŵirikaŵiri pamene mpweya watuluka, ndipo amazimitsa chikachokapo. Amai aŵiri osinja mu mtondo umodzi amadziŵa bwino luso limeneli: wina amatsitsa musi wake pamene wa mnzake wakwera, ndipo akaphonyana misi imagundana. Njirayi inayambira ku Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kuipa kwake n'kwakuti wodwala amakhalitsa pa bedi, chifukwa cheza chimakhala chozima nthaŵi yaikulu.

Yachinayi ndi kulondola chotupa pa ulendo wake wonse. Ku yunivesite ya Hokkaido ku Japan, cha m'ma 2000, madokotala ankaika kanjere ka golide pafupi ndi chotupa kuti makina azikaona nthaŵi zonse. Makina ena otchedwa CyberKnife ali ndi mkono wachitsulo wosuntha limodzi ndi kupuma kwa wodwala, ndipo ku Utrecht ku Netherlands, m'chaka cha 2017, odwala anayamba kuotchedwa ndi makina ophatikiza cheza ndi chojambulira cha MRI. Makina alionse amachedwa pang'ono pakati pa kuona ndi kuchita, kachigawo chabe ka sekondi. Choncho kompyuta imayenera kulosera kumene chotupa chikhale, monga mlenje woponya chibonga kutsogolo kwa kalulu wothamanga. Makina otere ndi okwera mtengo kwambiri ndipo amapezeka m'zipatala zochepa.

PAMENE CHIFANIZO CHIMALEPHERA

Nzeru zonsezi zili ndi chofooka chimodzi. Chifanizo chimamangidwa kuchokera pa kupuma kwa mphindi zoŵerengeka za tsiku limodzi, koma chimagwiritsidwa ntchito kwa masabata angapo. Ngati wodwala apuma mosiyana ndi m'mene anapumira tsiku lojambulidwa, kompyuta imalasa pamene njiŵa yachokapo.

Omvera abwerere kwa mlimi wa ku Tsangano. Tsiku lojambulidwa ndi tsiku lake loyamba kuloŵa m'chipinda chozizira chodzaza ndi makina achilendo. Mtima ukugunda, ndipo akupuma mothamanga ndi pamtima. Pofika sabata yachiŵiri wazoloŵera, ndipo akupuma pang'onopang'ono ndi mimba. Ameneŵa ndi mapumidwe aŵiri osiyana, ndipo chotupa chimayenda mosiyana pa alionse. Chifuŵa chotsokomola chimadumphitsa chotupa mwadzidzidzi. Chifu chodzaza chimakankha ziŵalo mosiyana ndi chifu chopanda kanthu. Munthu wolephera kumeza amaonda, ndipo thupi likachepa malire olembedwa kale sakwananso bwino. Nachonso chotupa chimafota pamene chithandizo chikupitirira.

N'chifukwa chake akatswiri sakhulupirira chifanizo ndi maso otseka. Asanayatse cheza amajambulanso wodwala ali pa bedi lomwelo kuti aone ngati ziŵalo zili pamene pulani ikunena, ndipo thupi likasintha kwambiri amajambula mwatsopano n'kumanganso pulani. Odwala khansa ya khomo la chiberekero, imene ili yofala koposa pakati pa amai a m'Malaŵi, amakumana ndi vuto lofanana nalo ngakhale kuti gwero lake si mpweya: kwa iwo chosuntha ziŵalo ndi kudzaza kwa chikhodzodzo ndi matumbo, ndiye chifukwa chake amauzidwa muyeso wa madzi oti amwe asanaloŵe m'chipindamo.

GAWO LA WODWALA

Apa ndi pamene wodwala amasanduka mnzawo wa akatswiri pa ntchito. Woyendetsa makina akamanena kuti, "Bambo, musachite mantha, pumani monga m'mene mumapumira mukakhala pa khonde kwanu," sakungotonthoza mtima chabe. Akupempha chinthu chimene masamu onse akudalira. Mau otere ayenera kunenedwa m'chinenero chimene wodwala amamva, modekha, ndipo wodwala apatsidwe mpata woyeserera asanajambulidwe. Amene sanamvetse afunse, pakuti safunsa anadya phula.

Pali zinthu zingapo zimene wodwala ndi womudikirira ayenera kusunga. Wodwala apume mwachizoloŵezi, osadzikakamiza kukoka mpweya wambiri pofuna kukondweretsa dokotala, kupatula ngati wauzidwa kutero. Akhale monga m'mene wagonekedwera, osasuntha mkono kapena mwendo. Ngati ali ndi chifuŵa kapena ululu womulepheretsa kugona phee, anene asanayambe kuti apatsidwe mankhwala. Akamva chifuŵa chikubwera cheza chili choyaka asaope, chifukwa akatswiri amamuona pa kanema ndi kumumva pa chokuzira mau, ndipo makina amazimitsidwa nthaŵi yomweyo. Asafufute zizindikiro zolembedwa pa khungu lake, pakuti ndi zimene zimathandiza kumugoneka chimodzimodzi tsiku lililonse. Atsate malangizo a nthaŵi ya kudya ndi kumwa. Ndipo asadumphe tsiku, ngakhale kumudzi kuli kukolola kapena kubzala, chifukwa pulani inaŵerengera masiku onse pamodzi, ndipo khansa imapezerapo mwai pa masiku odumphidwa.

Abale nawonso adziŵe kuti munthu wootchedwa ndi cheza chochokera ku makina satenga chezacho kupita nacho kunyumba. Akhoza kudya mbale imodzi ndi anzake, kugona m'nyumba imodzi ndi banja lake ndi kunyamula adzukulu ake popanda choopsa chilichonse.

M'MERA MPOYAMBA

Luso lolasa molunjika limapindula koposa pamene chotupa chili chaching'ono ndipo sichinafalikire. Chikakula n'kumwazikira m'ziŵalo zina, cheza chimathandizabe kuchepetsa ululu ndi kutsegula njira ya chakudya, koma mwai wochiriratu umakhala utachepa. Munthu amene akutsamwa pomeza, amene chifuŵa chake sichikutha ngakhale wayezedwa TB, amene akutsokomola magazi, kapena mai amene wapeza chotupa m'bere, apite msanga ku chipatala cha pafupi, kaya ndi ku Tsangano, ku Kasinje kapena pa boma la Ntcheu, ndipo akatumizidwa ku chipatala chachikulu asazengereze.

Palinso mau kwa ana a sukulu a m'bomali. Makina akhoza kugulidwa kunja, koma pamafunika anthu odziŵa kuwayesa, kuwakonza ndi kuzindikira pamene kompyuta yalakwa. Dokotala wa khansa sagwira yekha. Pambali pake pamakhala katswiri wa fizikisi ya zachipatala, woyendetsa makina, namwino ndi injiniya. Mtsikana kapena mnyamata wa pa Ntcheu Secondary School amene lero akulimbana ndi masamu ndi fizikisi akuphunzira chiyambi cha ntchito yomweyi, pakuti mzere wokwera ndi kutsika umene amajambula m'kope lake ndi wofanana ndi umene kompyuta imalemba poyang'anira kupuma kwa wodwala.

Mlimi wa ku Tsangano sadzaona masamu amene anachitidwa chifukwa cha iye, ndipo mwina sadzamva n'komwe dzina la Cormack kapena la Hounsfield. Chimene adzaona ndi bedi lolimba, makina ozungulira mwakachetechete, ndi chitseko chachikulu chikutsekeka. Ntchito yake pa mphindi zimenezo ndi kugona phee ndi kupuma lero monga anapumira dzulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'chipinda chimenechi kudekha kwa wodwala kumateteza mtima wake ndi mapapo ake.